Dzanja likuterereka pa mfuti: mayankho kwa opanga magemu a ku Zomba

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Zomba, ndipo onse akuzungulira nkhani imodzi: magemu aja omwe wosewera saona thupi lake lonse, amangoona mikono iwiri ndi chida chomwe wanyamula, monga zimakhalira mu Counter-Strike kapena Call of Duty. Opanga magemu amaitcha mikono ndi chidacho kuti viewmodel. Tayankha potengera Blender, pulogalamu youmbira zinthu za 3D ndi kuziyendetsa, popeza ndi yaulere ndipo ndi imene ambiri mwa inu muli nayo pa malaputopu anu.

Ndawumba munthu wathunthu mu Blender, kumutu mpaka kuphazi, n'kuika kamera m'mutu mwake. Mu Blender akuoneka bwino, koma ndikamulowetsa mu Unity, pulogalamu yopangira magemu, mikono ikutalika ngati ya anyani a ku Chawe. Ndalakwitsa pati? Mnyamata wa ku Chikanda

Achimwene, mikonoyo ilibe mlandu. Makamera anu awiri ndiwo sakuona mofanana. Kamera ya Blender imabwera ndi lens ya 50mm, yomwe imaona madigiri pafupifupi 40 m'lifupi. Ya Unity imabwera ndi 60, koma 60 imeneyo ndi yoyeza kuchokera pamwamba kufika pansi, ndipo pa sikirini ya 16:9 m'lifupi mwake imaposa pang'ono madigiri 91. Kamera ikatambasuka chonchi, chilichonse choyandikira diso chimakokeka. Pa mapulogalamu ena opangira magemu, Unreal imayamba ndi 90 woyeza m'lifupi, Godot imayamba ndi 75 woyeza chotsika. Manambala amenewa amaoneka ngati apachibale koma sakuyeza chinthu chimodzi.

Ndiye musanakhudze fupa ngakhale limodzi (mafupa ndi timitengo ta mu Blender toyendetsera ziwalo za chomwe mwaumba), konzani kamera ya Blender ifanane ndi ya mu gemu. Ikani sikirini pa 1920 ndi 1080. Pa zoikamo za kamera sinthani Lens Unit ikhale Field of View (FOV, kutambasuka kwa kamera). Ngati gemu yanu ili mu Unity kapena Godot, ikaninso Sensor Fit pa Vertical, kenako lembani nambala yomweyo imene ili mu gemu. Clip Start itsitseni ifike 0.01, apo ayi zigongono zizidulidwa zikayandikira diso. Mukatero ikhomereni kamerayo isasunthenso, ndipo tsegulani mawindo awiri: lina loonera pa kamera nthawi zonse, lina lozungulira nalo pogwira ntchito.

Mikono isaonedwe ndi kamera yotambasuka ngati ya dziko lonse. Anthu osewera Counter-Strike amadziwa kuti viewmodel_fov, kutambasuka kwa kamera yoonera mikono, imakhala pakati pa 54 ndi 68, yosiyana ndi mmene akuonera malo. Inunso chitani chimodzimodzi.

Za thupi lathunthu, ife tikuti lichotseni. Dulani pa mapewa, musiye mikono yokha. Pa ntchito imeneyi chinyengo n'chololedwa: phewa mutha kulikokera kutsogolo masentimita 20, kapena kulitsitsa kufika m'chiuno, bola pa kamera zikuoneka bwino. Amene angayang'ane cham'mbali adzaseka, koma wosewera sadzayang'anako.

Ndikamapanga kayendedwe kosintha magazini, dzanja lamanzere limaterereka pa mfuti, zala n'kumalowa m'chitsulo. Magazini nayo imadumpha yokha ikamachoka m'dzanja kupita mu mfuti. Ndakonza fremu (chithunzi chimodzi cha kayendedweko) iliyonse payokha kwa sabata ziwiri koma sizikutheka. Mtsikana wa ku Matawale

Achemwali, siyani kukonza fremu iliyonse, mukutunga madzi ndi lichero. Vuto lili pa funso loti akutsogolera ndani. Oyamba kumene ambiri amaika mfuti kuti izitsatira dzanja, poti m'moyo weniweni dzanja ndilo limanyamula mfuti. Pa viewmodel zimayenda bwino mukazitembenuza: mfuti ikhale patsogolo, manja onse awiri aziitsatira.

Mafupa ake akhale motere. Fupa limodzi la root likhale pomwe pali kamera. Pansi pake pakhale fupa la mfuti, ndipo ziwalo zonse zoyenda za mfutiyo, magazini, bolt (chitsulo chokankhira chipolopolo m'malo mwake) ndi trigger (chokoka powombera), chilichonse chikhale ndi fupa lake. Mkono uliwonse ukhale ndi fupa la phewa, la mkono wam'mwamba, la mkono wam'munsi, la chikhatho, ndi atatu pa chala chilichonse, kutanthauza 15 pa zala za dzanja limodzi. Pa mkono wam'munsi ikani IK (yochititsa mkono wonse kutsatira komwe dzanja lapita) ya Chain Length 2, yolunjika pa fupa lowongolera dzanja, ndi pole target (cholozera chigongono kopindikira) kumbuyo kwa chigongono. Mu Edit Mode pindani chigongonocho pang'ono. Mukachisiya chowongoka ngati ndodo, IK siidziwa kopindikira ndipo mkono umathyokera kumbuyo. Chigongono chikaloza kolakwika, yesani Pole Angle ya 90 kapena -90.

Tsopano pa fupa lowongolera dzanja lililonse ikani Child Of (constraint, kapena kuti lamulo, yochititsa fupa kutsatira linzake) yolunjika pa fupa la mfuti, n'kudina Set Inverse. Mukaiwala batani limeneli dzanja limathawira kutali. Kuyambira apa, mukapendeketsa mfuti manja akutsatira okha, osaterereka ngakhale pang'ono. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: musalole kuti mfuti izitsatira dzanja lamanja pomwe dzanjalo likutsatiranso mfuti. Blender imalemba mu console kuti yapeza dependency cycle, ndipo zinthu zimayamba kunjenjemera kapena kuchedwa ndi fremu imodzi.

Kudumpha kwa magazini kumabwera chifukwa cha Influence, mphamvu ya Child Of: 1 ndi kutsatira kwathunthu, 0 ndi kusatsatira konse. Mukaika 1 pa fremu 10 ndi 0 pa fremu 20, mafremu apakatiwo magazini imakhala theka m'dzanja theka mu mfuti, n'kumayandama pakati. Kusintha mwini kuzichitika pa fremu imodzi yokha. Tiyerekeze kuti dzanja lamanzere likusiya mfuti pa fremu 12. Pa fremu 11 ikani keyframe (chizindikiro chosunga mmene chinthu chilili pa fremuyo) ya malo, kutembenuka ndi Influence ya 1. Pitani pa fremu 12, dinani kabatani ka X kali pambali pa Influence, kotchedwa Disable and Keep Transform, kenako ikani keyframe ya zitatu zonsezo. Dzanja likhala pomwe linali, koma tsopano lili pa ufulu.

Njira ina yomwe ife timaikonda chifukwa siivuta: khalani ndi magazini ziwiri. Ina ndi mwana wa mfuti mpaka kalekale, ina ndi mwana wa dzanja lamanzere mpaka kalekale. Ya m'dzanja ikafika polowera, ichepetseni ifike pafupi ndi ziro, ya mu mfuti n'kuonekera pa fremu yomweyo. Palibe diso lingagwire chinyengo chimenechi. Pamene dzanja latsikira kunsi kwa sikirini kukatenga magazini yatsopano, chitani zosintha zonse zomwe mukufuna, kumeneko kulibe mboni.

Pangani mitundu iwiri ya kusinthaku. Wina ndi wa pamene zipolopolo zatsalamo, pomwe wosewera amangochotsa magazini n'kuika ina. Wina ndi wa pamene zatheratu, womwe umawonjezera kukoka bolt ndipo umatalika ndi theka la sekondi kapena kuposerapo.

Ndikatembenuza chikhatho kuti chiyang'ane kumwamba, mkono ukupotoka n'kuwonda pamfundo ngati pepala la switi. Wowerenga wa ku Chinamwali

Tambasulani mkono wanu weniweni, mutembenuze chikhatho uku mukuyang'ana. Muona kuti kupotokako sikuchitikira pamfundo pokha, kwagawika kuyambira pa chigongono mpaka pa dzanja, chifukwa m'katimo muli mafupa awiri omwe amapingasana. Rig yanu, mafupa munaikawo, ili ndi fupa limodzi, ndiye kupotoka konse kwaunjikana malo amodzi.

Onjezani fupa la twist pakati pa mkono wam'munsi, likhale mwana wa mkonowo. Liikeni Copy Rotation yotengera kwa chikhatho, pa Y yokha, popeza mu Blender utali wa fupa umatsata Y. Malo onse awiri akhale Local Space, Influence ikhale 0.5. Mu Weight Paint gawani kulemera, kutanthauza mphamvu ya fupa lililonse pa khungu, pang'onopang'ono kuchokera ku chigongono, kudzera pa twist, kufika pa chikhatho. Ngati mkonowo uli ndi mizere iwiri yokha ya mesh (khungu la chomwe mwaumba), onjezani ifike isanu kapena isanu ndi umodzi, chifukwa palibe choti chipindike ngati palibe mizere.

Wina akuuzani kuti mungodina Preserve Volume pa Armature modifier. Mu Blender zioneka ngati zatheka, koma zimenezo sizipita nawo mu FBX, fayilo yotumizira ku gemu, ndipo pepala la switi lija mukalipezanso mu gemu. Musanatumize, pitani ku Weights, musankhe Limit Total ikhale 4, kenako Normalize All. Magemu ambiri amawerenga mafupa anayi okha pa vertex (kadontho ka mesh) iliyonse, otsalawo amatayidwa mwakachetechete.

Tikupanga gemu ya asilikali a King's African Rifles (KAR), aja a chipilala chachikumbutso cha kuno ku Zomba. Mfuti yathu ikuoneka yopepuka ngati ya pulasitiki yogula pa msika. Tilibenso mfuti yeniyeni yoonera. Gulu la ophunzira atatu

Mwasankha mfuti yokoma kuipangira kayendedwe. Asilikali a KAR, gulu lomwe lidakhazikitsidwa mu 1902, ankagwiritsa ntchito mfuti za Lee-Enfield za .303. Mtundu wotchedwa SMLE ndi wotalika pafupifupi mita 1.13 ndipo umalemera pafupifupi makilogalamu 4. Magazini yake imalowa zipolopolo 10, koma msilikali sankaichotsa pothira zina. Ankatsegula bolt n'kukankhira zipolopolo kuchokera pamwamba ndi chala chachikulu, zisanu zisanu, zomangidwa pa kachitsulo kotchedwa charger. Mukapanga kayendedwe kochotsa magazini ngati ka AK-47, odziwa mbiri adzakugwirani pompo.

Mfuti yeniyeni simukuifuna. Tengani mpini wa khasu, mumangirire njerwa kapena botolo la madzi la malita awiri chakutsogolo, mmodzi anyamule, wina ajambule ndi foni ataiika pafupi ndi tsaya la wonyamulayo. Onerani kanemayo pang'onopang'ono. Muona kuti chinthu cholemera sichinyamuka msanga, ndipo chikanyamuka sichiima pomwe mwafuna: chimapitirira pang'ono n'kubwerera. Kulemera konse kwa mu gemu kumachokera pamenepo.

Pa mafremu 30 pa sekondi, yambirani apa. Fremu 0 mfuti ili phee. Fremu 1 yafika kale pafupi ndi mapeto a kukankha kwake, yabwerera m'mbuyo masentimita 4 kapena 5 ndipo mphuno yake yakwera madigiri 5 mpaka 8. Musaike kukonzekera kulikonse kusanawombe. Malangizo aja oti chinthu chiziyamba chabwerera m'mbuyo chisanapite kutsogolo ndi abwino pa makatuni, koma apa wosewera wadina batani ndipo akufuna phokoso nthawi yomweyo. Kubwerera ndiko kuchedwe: kuyambira fremu 2 mpaka 9, mphuno itsike, ipitirire pansi pang'ono, ikhazikike.

Kenako bolt. Dzanja lamanja lisiye pogwirira pa fremu 9, lifike pa kamutu ka bolt pa 13. Kukweza kutenge mafremu atatu, ndipo bolt ya Lee-Enfield imangotembenuka madigiri pafupifupi 60, osati 90. Kukoka kutenge anayi, khoko la chipolopolo litulukire kumanja chakumapeto kwa kukokako. Pokankha pali chinsinsi cha mfuti imeneyi: sipuling'i yake imapanikizika bolt ikamatsekedwa, osati ikamatsegulidwa, ndiye masentimita omalizira amalimba. Chedwetsani kukankhako pamapeto ndi fremu imodzi kapena ziwiri, ngati dzanja lakumana ndi chopinga, kenako bolt igwe mwamphamvu. Pa nthawi yonseyi mfuti yonse iziyankha: dzanja likakoka, mfuti ibwerere pang'ono, likakankha ipite kutsogolo, ndipo ipendekeke kuti wosewera aone zomwe zikuchitika. Mfuti yoima chilili pomwe bolt ikuyenda yokha ndiyo pulasitiki mukunenayo.

Zala musazisunthe pamodzi ngati zamatidwa ndi ulimbo. Pogwira, kachala kakang'ono kayambe, zinazo zitsatire motalikirana fremu imodzi. Chala chamkombaphala chikhale kunja kwa trigger pamene wosewera akuthamanga kapena kuthira zipolopolo.

Ngati mukufuna kuti kamera igwedezeke, ipatseni fupa lake, koma musapyole digiri imodzi kapena awiri. Kuposa apo anthu amachita chizungulire.

Gemu yanga ilibe mfuti. Ndi ya mwana wosaka mbalame ndi legeni m'mbali mwa mtsinje wa Likangala. Mphira ndingaipange bwanji kuti izitamuka? Wowerenga wa ku Mpondabwino

Funso ili latisangalatsa kuposa onse. Zida zathu, legeni, uta, mkondo, chikwanje, simuzipeza zopangidwa kale pa intaneti monga zilili mfuti, choncho wozipanga bwino ali ndi chake chake.

Mphanda ikhale fupa lalikulu, dzanja logwira liziitsatira. Kachikopa koikapo mwala kakhale ndi fupa lake, dzanja lokoka lizitsatira kachikopako. Pa mphira pali njira ziwiri. Mutha kuika fupa pa chingwe chilichonse ndi Stretch To yolunjika pa kachikopa, koma njirayi imadalira kusintha kukula kwa fupa mbali imodzi, ndipo fupalo likakhala ndi ana amapunduka mu gemu. Njira yodalirika ndi ya Weight Paint yokha: dulani chingwe cha mphira mizere 8 kapena 10, mbali ya ku mphanda itsatire mphanda kwathunthu, mbali ya ku kachikopa itsatire kachikopa kwathunthu, pakati pagawike mofanana. Mukakoka kachikopa, mphira itamuka yokha. Kuti izilendewera pamene siikukokedwa, onjezani fupa limodzi pakati pa chingwe chilichonse, lomwe muzilitsitsa.

Gawani ntchitoyi patatu: kukoka, kugwirira, kutaya. Kukoka kutenge mafremu 10 mpaka 12, kuyambe mwachangu kuthere movutikira. Kugwirira kukhale kobwerezabwereza, manja akunjenjemera pang'ono, chifukwa simudziwa kuti wosewera adikira nthawi yaitali bwanji. Kutaya kutenge mafremu awiri basi, kachikopa kapitirire kutsogolo kwa mphanda, kenako kagwedezeke kwa mafremu 8 kapena 10, dzanja logwira mphanda ligwere kutsogolo pang'ono monga amachitira ana odziwa kulasa. Mwala wouluka usakhale mu animation. Wa mu kachikopa ubisike pa fremu yotayira, gemu ipange wina woti uuluke. Chizindikiro cha fremu imeneyo mu Unity ndi Animation Event, mu Unreal ndi Anim Notify, mu Godot ndi Call Method Track. Phokoso la mphira lilumikizidwenso pomwepo.

Magetsi atathima ndinatsegulanso fayilo n'kupeza kuti mwa ma animation anga asanu watsala mmodzi. Komanso amene watsalayo ndikamutumiza ku gemu, mfuti ikulowa m'khoma ndikayandikira. Mnyamata wa ku Domasi

Pepani achimwene, koma mwina magetsi mukungowanamizira. Blender ikamasunga fayilo imataya Action (animation imodzi) iliyonse yomwe palibe akuigwiritsa ntchito. Mukapanga ya kuwombera, n'kutsegula yatsopano ya kuthamanga, yoyamba ija imatha kutsala yopanda mwini. Mu Action Editor, pambali pa dzina, pali kachishango kotchedwa Fake User. Kadineni pa Action iliyonse mukangoipanga. Pa zomwe zatayika, yesani File, Recover, Auto Save, popeza Blender imasunga yokha mphindi ziwiri zilizonse ngati simunasinthe. Yang'ananinso fayilo yothera ndi .blend1 mu foda yomweyo, ndi yomwe munasunga musanasunge komaliza.

Potumiza, Ctrl+A ya Rotation ndi Scale ichitike pa mesh ndi armature (mafupa onse) musanayambe kuika ma keyframe. Mukaichita pambuyo pake, manja asiya kufika pomwe ankafika. Pa FBX chotsani chizindikiro pa Add Leaf Bones, ikani pa Only Deform Bones ndi Bake Animation, kuti IK ndi Child Of zonse zisanduke ma keyframe wamba, chifukwa gemu siidziwa ma constraint a Blender. Onetsetsani kuti mafupa a mfuti ndi root ali ndi Deform, apo ayi atsala. Unreal imayeza mu masentimita pomwe Blender imayeza mu mamita, ndipo mavuto a kukula kuwirikiza 100 amachokera apa. Ikani Unit Scale pa 0.01 poyamba penipeni. Ku Godot tumizani fayilo ya glTF, siivuta.

Kulowa m'khoma ndi masamu chabe. Character Controller ya Unity imabwera ndi radius ya mita 0.5, ndiye wosewera amaima theka la mita kuchokera pa khoma, pomwe mfuti yake yatulukira kutsogolo kuposa apo. Ikani mikono ndi chida pa layer yakeyake, kamera yaikulu isaione, kamera yachiwiri ione layer imeneyo yokha n'kujambula pamwamba pa yoyamba. Mu URP, imodzi mwa njira zojambulira za Unity, yachiwiriyo ikhale Overlay yoikidwa mu Stack ya kamera ya Base. Mu Godot ntchito yomweyi imagwiridwa ndi SubViewport. Kamera yachiwiriyi ndi imenenso ikupatseni mwayi woika FOV ya mikono payokha, ija tinauza mnzanu wa ku Chikanda. Mukafuna kukometsa, ponyani raycast (mzere wosaoneka wofufuza chopinga) ya mita imodzi kutsogolo, ikagunda khoma mfuti ikokedwere pachifuwa.

Laputopu yanga ndi yakale, RAM yake ndi 4GB. Ndipange pa mafremu 30 kapena 60? Ndipo kugwedezeka kwa mfuti poyenda ndipangenso mu Blender? Wowerenga wa ku Thondwe

Pangani pa 30. Gemu imadzaza yokha mafremu apakati, ndiye idzaoneka yosalala ngakhale ikuyenda pa 60. Samalani pa mfuti zowomba motsatizana: AK-47 imatulutsa zipolopolo pafupifupi 600 pa mphindi, kutanthauza 10 pa sekondi, chimodzi pa mafremu atatu alionse. Kukankha kwake kukwane m'mafremu atatuwo, kapena kuthe kuyambiranso kusanathe. Gwirani ntchito mu Solid view, zimitsani Subdivision, ndipo laputopuyo ikwanitsa, chifukwa mikono iwiri ndi chida chimodzi si katundu wolemera.

Kupendekeka kwa mfuti wosewera akatembenuka, ndi kudumphadumpha kwake poyenda, zisiyireni code ya mu gemu, chifukwa zimadalira liwiro la wosewera lomwe inu simungalidziwe muli mu Blender. Chimodzimodzi kulunjika pa diso: ikani fupa pa sight (cholunjikira cha mfuti) ya kumbuyo, gemu ilikokere pakati pa sikirini. Mu Blender pangani kupuma kokha, mafremu 60 mpaka 90, mfuti ikukwera ndi kutsika mamilimita 2 kapena 3. Fremu yoyamba ndi yomaliza zifanane ndendende, mu Graph Editor dinani Shift+E musankhe Make Cyclic kuti polumikizira pasagunde, ndipo mu Unity musaiwale kuika chizindikiro pa Loop Time.